Ulusi wa Amama pa Mawaya a Njinga

Iponga, 14 Januwale 2024

Okondedwa adada,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse a ku Mangochi. Kuno tili bwino, kungoti mvula yachuluka, njira ya kusukulu yasanduka mtsinje. Amama amaliza kuwokera mpunga. Msana ukuwavuta, koma makina osokera sakuwasiya, chifukwa mwezi uno ndi wa mayunifolomu.

Kalatayi ndapatsira a Faizal, popeza lole yawo imabwera ku Songwe mwezi ndi mwezi kudzatenga katundu wa ku Tanzania, ndipo ati amakuonani. Foni yanu tikaimba imalira mpaka kutopa. Komanso ine pa foni mawu amandithawa. Ndalemba m'Chichewa chifukwa ndikukumbuka kuti Chinkhonde chimakuzunguzani mutu. Mumadziwa "ndaga" yekha basi, zikomo wa kuno uja, ndipo mumayankhira aliyense mawu omwewo, ngakhale wokutukwanani.

Ndili Folomu 3 tsopano. Fizikisi ndikukhoza, Chingerezi ndiye chikundigwetsa. Amama ati ndikukumbutseni za fizi. Ndakukumbutsani, kuti akandifunsa ndisaname.

Koma chimene ndalembera kwenikweni ndi njinga yanu yamoto ija munaisiya m'chipinda chosungira mpunga, pamene mumatseka shopu ya ku Songwe n'kubwerera kwanu. Sabata yatha ndinachotsa matumba amene tinaifunditsa. Adada, makoswe aichita zoipa. Mtolo wonse wa mawaya, umene umachoka ku nyali ya kutsogolo kudutsa pansi pa thanki mpaka kumbuyo, autafuna. Pansi pa chishalo ndinapezapo chisa muli tiana tofiira. Matayala aphwa, tcheni chachita dzimbiri. Koma injini ili moyo. Ndikaponda kika imakana phazi, ndipo a Anthony, amakanika a pa Songwe, amati injini yokana phazi sinafe.

Ndikaweruka ndimakonda kupita kwa a Anthonywo kukaona mmene amagwirira ntchito. Ndaona njinga zambiri zitavulidwa thanki, ndipo ndikuganiza kuti njira ya moto ndaimvetsa. Kodi mungandilole ndiikonze yanuyi? Sindiipweteka. Ngati simukufuna, ndiifunditsanso matumba ake, ndiikenso msampha wa makoswe.

Tiuzeni za kumeneko. Chichokereni chaka chija sitinakuoneni. Ndatalika, chitseko cha kukhitchini ndimawerama polowa.

Mwana wanu,
Lughano

Mangochi, 9 Febuluwale 2024

Mwanangu Lughano,

Asalaam aleikum. Kalata yako ndalandira, ndathokoza. Kuno tadzuka, Alhamdulillah. Upereke moni kwa mayi ako. Za fizi uwauze apirire pang'ono, malonda sali bwino.

Zolemba zako zakula. Ndinakusiya ukulemba ngati pamene nkhuku yapalasa.

Njinga ija ikonze ndithu. Ndakondwa kuti waiganizira, chifukwa inenso masiku ano ndimaiganizira kwambiri. Inali njinga yabwino, sinanditayepo panjira. Ndikufuna iyende mpunga usanakololedwe. Kiyi wake ndamuika mu envulopu momwemu. Zaka zonsezi ndimayenda naye m'thumba, sindikudziwa chifukwa chake. Tsopano akhale ndi iwe.

Zina ndidzalemba ndikakhazikika maganizo. Faizal waliza kale injini, akundifulumizitsa.

Bambo ako,
Jafali

Iponga, 10 Malichi 2024

Okondedwa adada,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ife tili bwino, mpunga wabiriwira dambo lonse.

Kiyi ndalandira. Ndamumanga ku chingwe cha nsapato, ndimamuvala m'khosi mkati mwa malaya. Ndaga fijo, adada. Sindimayembekezera kuti mungandipatse chinthu chachikulu chotere. Kalata yanu ndaiwerenga mpaka pepala lafewa mopinda.

M'kalasi mwathu muli mnyamata dzina lake Jeffrey, amene pakamwa pake sipatseka. Iye amati bambo wanga ndi lole ya a Faizal, chifukwa ndi yokhayo imene ndimakaidikira pamsewu. Lolemba anayambanso: "Lughano, adada ako abwera liti? Kapena aphulika tayala ku Chiweta?" Anthu anaseka. Ine ndinangovula kiyi n'kumuika pa desiki. Iye akuti, "Wa chiyani ameneyo, wa kuchimbudzi?" Ndinati, "Wa njinga yamoto. Andipatsa adada." Aka n'koyamba kuti ndimutseke pakamwa.

Tsopano za ntchito. Mtolo wakale wa mawaya, umene a Anthony amautcha hanesi, ndinauchotsa wonse. Nditausenda tepi ndinapeza mawaya ambirimbiri, ena opita ku zinthu zimene njinga ingayende popanda izo. Ndinadzifunsa kuti: kodi kuti injini ilire chimafunika n'chiyani? Moto umabadwira ku magineto, n'kupita ku kabokosi kakuda kamene kamauuza nthawi yothetheka, n'kupita ku koilo, n'kumalizira ku pulagi. Basi. Ukawonjezera waya wa kiyi wozimitsira injini, wa nyali ya kutsogolo ndi ya kumbuyo, ndi wa ethi womangirira ku felemu, ntchito yatha. Zina zonse ndachotsa: batire, sitata, hutala, maindiketa. Njinga ya munthu mmodzi sisowa zonsezo. Phazi lopondera kika ndili nalo, pakamwa pokuwira anthu ndili napo.

Ndinagoneka chitseko chakale pansi, ndinajambulapo njinga ndi choko, n'kukhoma misomali m'malo onse mmene mawaya amakhota. Waya aliyense ndimamuyala pamenepo ndisanamudule, kuti asaperewere kapena kutsala polendewera. Wa ku nyali ndamusiyira mpata, kuti chiwongolero chikakhota asakokeke. Vuto linali limodzi. Pamsika wa Songwe ndinapeza waya wofiira yekhayekha. Ukawamanga pamodzi ndi tepi sungadziwenso kuti uyu akuchokera kuti, akupita kuti. Ndiye ndinatenga ulusi wa amama wosokera, n'kumanga kumapeto onse awiri a waya aliyense: wachikasu ku nyali, wobiriwira ku ethi, woyera ku kiyi, wabuluu ku koilo. Amama anandipeza ndikufufuza m'kabokosi kawo. "Iwe, ukufuna kusokera njinga diresi?" Koma atamva cholinga anandisankhira okha ulusi wolimba, uja wa mayunifolomu. Mtolo watsopano watuluka woonda ngati chala. Ndikauyika pafupi ndi wakale uja ndimachita kuseka ndekha.

Chinanso, ndipo ichi ndimafuna mudzangochiona, koma ndalephera kusunga. Tsiku lina ndinaperekeza amama kutsidya, ku Kasumulu, kukagula nsalu. Kumeneko ndinaona njinga ya mnyamata wina wa ku Mbeya, yaifupi kumbuyo, ya chishalo chimodzi, yopanda kaliyala, chiuno chake ngati cha mavu. Ndinaima mpaka amama anandikoka khutu. Ndiye a Anthony andidulira felemu kumbuyo kwa chishalo. Kaliyala ndi zitsulo zodulidwazo ndawasiyira, ndiwo malipiro awo. Anandifunsa kawiri asanadule: "Mwini wake wavomera?" Ndinawaonetsa kiyi. Ndaipaka penti wakuda. Mukadzaiona simudzaizindikira, koma ndikuganiza mudzaikonda.

A Faizal akuti sabweranso mpaka kusala kudya kutatha, ndiye kalatayi idikira kwa a Anthony. Musale bwino.

Mwana wanu,
Lughano

Mangochi, 12 Epulo 2024

Mwanangu Lughano,

Asalaam aleikum. Idi tadya bwino, ngakhale mwaumphawi. Faizal sanayende mwezi wonse wa Ramadani, ndiye sindinamve kuti njinga ija wafika nayo pati. Anyamuka mawa.

Ndikuuze tsopano zimene sindinalembe ulendo watha. Shopu ya kuno ndinatseka chaka chatha. Katundu anakwera mtengo, ine ndinatsika. Pano ndimakhala pa khonde la msuweni wanga, ndikugulitsa sopo wodula ndi machesi pa tebulo. Mayi ako usawauze, ndidzawauza ndekha.

Mkulu wako Ridwan, wa kunyumba ya kuno, amene sunamuonepo, anakwatira. Mkazi wake ndi woyembekezera, iye ntchito alibe. Laisensi ali nayo. Ndaganiza kuti njinga ija ibwere kuno ayambe kabaza, tidyeko tonse, ndipo fizi yako izichokera momwemo. N'chifukwa chake ndinakutumizira kiyi, kuti uziiyesa pokonza.

Ndiye uonetsetse izi. Kaliyala akhale wolimba, chifukwa kuno amanyamula madengu a nsomba. Chishalo cha wokwera kumbuyo chisakhale chong'ambika, azimayi amasankha. Hutala ndi maindiketa zigwire ntchito, apolisi apamsewu kuno sanyengerera. Ikatha uikweze pa lole ya Faizal.

Ndiwe mwana wabwino. Allah akudalitse manja.

Bambo ako,
Jafali

Iponga, 17 Epulo 2024

Bambo a Lughano,

Mwaghona? Ife Kyala, Mulungu wathu, watisunga. Sindinakulembereni kalata chichokereni, ndipo Chichewa changa mukuchidziwa, chokhota ngati msewu wa ku Misuku, koma lero muchimva.

Mu envulopu muno muli makalata awiri. Yambani ya mwana wanu, imene yakhala ikudikira kwa makanika kuyambira Malichi. Mukamaliza mubwere ku yangayi.

Mwawerenga? Ehe.

Njinga inalira Loweruka lina kumapeto kwa Malichi. Ndinali pa makina, ndinangomva phokoso, nkhuku zonse balalabalala. Ndinatuluka sizasi ili m'manja. Mwana wanu, uja salankhula, uja amadya ngati mlendo m'nyumba ya mayi ake, anali akuseka mano onse pamtunda. Ine ndinali nditaiwala kuti ali ndi mpata pakati pa mano ngati inu.

Tsiku lotsekera sukulu anapita nayo. Ndinamuletsa, sanamve. Akuti ana onse anatuluka m'makalasi, ndipo aphunzitsi a Fizikisi anagwada m'fumbi kuona mawaya. Kutchalitchi azimayi amandigwira dzanja: "Mwe, a Bertha, kani a ku Mangochi aja amakumbuka mwana!" Ine ndinavomera. Ndinavomera, bambo a Lughano, mutu uli m'mwamba. Ndinawonjezeranso kuti mukubwera pokolola. Palibe anandituma, pakamwa panga ndi pomwe pandipachika.

Dzana a Faizal abweretsa kalata yanu. Anaiwerenga ataima pafupi ndi njingayo, nsanza yopukutira ili paphewa. Atamaliza anaipinda, anavula chingwe cha kiyi m'khosi, n'kukachikoleka pa msomali kuseri kwa chitseko. Ndinamufunsa, "Akuti bwanji adada ako?" Anati, "Akuti ndine mwana wabwino." Kalatayo ndaipeza m'thumba la malaya ake pochapa, ndipo ndaiwerenga, ndi paja pakuti ndisauzidwe pomwe.

Sakulira, sakukwiya. Bola akanakwiya, ndikanadziwa pomugwira. Akuti wawononga chuma cha bambo ake. Akuti ndi wakuba amene anadzipatsa yekha mphatso, n'kuithokozanso. Sukulu yatsegulidwa, iye akudzera m'minda ya mpunga, matope mpaka m'mawondo, kuti asakumane ndi anzake pamsewu. Kwa a Anthony sakupita, akuti anawanamiza. Njinga waifunditsanso matumba.

Za shopu pepani, sindikusekani. Umphawi si mlandu. Za Ridwan sindikudandaula, nayenso ndi mwana, ndipo pokwatiwa ndinadziwa kuti kwanu kuli nyumba ina. Koma munthu wamkulu ngati inu, kutumiza kiyi kwa mwana amene sanalandirepo ngakhale sokosi kwa bambo ake, osanena kuti ndi wa chiyani, mumati aganiza chiyani? Mawu awiri okha akanakwana: "ya Ridwan." Faizal akanakudikirani.

Ndatha. Muyankhe iye, osati ine.

Bertha

Mangochi, 6 Meyi 2024

Lughano mwanangu,

Asalaam aleikum. Makalata onse awiri ndawerenga, kuyambira yako monga analamulira mayi ako.

Yako ndinaiwerengera pa tebulo langa la sopo. Panabwera munthu wofuna machesi, ndinamuona atapita kale. Nditafika pa ulusi paja ndinaipinda kaye. Ndinaimaliza tsiku lotsatira.

Sindidziwa kulemba zinthu zotere. Sunabe kanthu. Njinga ndi yako. Isiye momwe waipangiramo, yakuda, ya munthu mmodzi. Ridwan ndamuuza kuti injini inafa. Wayamba kusenza matumba pa depoti, apeza zina.

Kiyi umuchotse pa msomali. Popita kusukulu uzidzera pamsewu.

Foni mukamaimba ndimaiona. Kungoti mayi ako akayamba moni amafunsa kuti malonda akuyenda bwanji.

Bambo ako,
Jafali

Iponga, 16 Juni 2024

Okondedwa adada,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi achimwene ndi alamu. Kuno takolola, nyumba yonse ikununkhira mpunga. Amama akupereka moni, ndipo atumiza kathumba kakang'ono kuti mulawe.

Kalata yanu ndinalandira mwezi watha. Ndinachedwa kuyankha dala, chifukwa ndimafuna yankho likwere lole pamodzi ndi kalatayi. Njinga ili kumbuyo, pakati pa katundu, yomangidwa ndi zingwe. Kiyi ali ndi a Faizal.

Musakwiye. Mwati ndi yanga, koma adada, ndikudziwa kuti mwatero chifukwa amama anakulemberani. Ndinayesa kuikwera tsiku limodzi nditalandira kalata yanu. Ndinafika pa mlatho basi, ndinaizimitsa, n'kubwerera ndikuikankha. Ndimangoganiza za achimwene anga amene sindikuwadziwa, atasenza thumba pa depoti, akukhulupirira kuti injini inafa, pamene injiniyo ikulira pakati pa miyendo yanga. Chonde muwauze zoona.

Kwa a Anthony ndinapitako. Ndinati, "Mwini wake sanavomere, ndinamva molakwa." Anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Chodula ndi changa, chowotcherera ndi changanso. Bweretsa." Kaliyala wakale anali atamuika kale pa njinga ya munthu wina. Koma m'chipinda cha mpunga munali zitsulo za pawindo la shopu yanu ya ku Songwe. Tapangira zimenezo felemu ya kumbuyo ndi kaliyala. Atamaliza anakwerapo n'kudumphadumpha. "Apa ukhoza kunyamula ng'ombe ya lobola," anatero. Chishalo chachitali asoka amama. Batire ndalipira ndi thukuta, ndawapunthira mpunga a Anthony.

Chimene chinandiwawa ndi kusenda tepi pa mtolo wanga. Ndinaugonekanso pa chitseko chija, n'kuwonjezera misomali. Ndaika waya wa batire ndi fuzi yake, wa hutala, wa nyali ya mabuleki, ndi wa maindiketa wodzera ku kabokosi kophethiritsa pansi pa thanki. Komabe sunabwerere ku kunenepa kwa kale. Sitata sindinabwezere, achimwene aziponda kika, imalira msanga. Mitundu ya ulusi inatsala pang'ono kutha. Wa batire ndi wotuwa, wa hutala ndi wofiirira, wa mabuleki ndi wakuda, wa maindiketa ndi wapinki, wotsala pa madiresi a kwaya. Polumikiza paliponse ndakulungapo ulusi womwewo mothina, n'kumanga mfundo ziwiri, kuti mabampu asazule kanthu.

Kusukulu ndayambanso kudzera pamsewu. Tsiku loyamba Jeffrey anandichingamira pa geti: "Bwana, lero galimoto mwaisiya ndi dalaivala?" Ndinati, "Sinali yanga." Anaseka, kalasi yonse inaseka, makutu anga anatentha mpaka kuweruka. Aphunzitsi a Fizikisi aja ndimayang'ana pansi akamadutsa. Sabata yotsatira Jeffrey anapeza wina womuseka. Kutchalitchi amama adziyankhira okha, sindikudziwa kuti anati chiyani, koma kwaya sanasiye.

Pepani chifukwa chodula njinga yanu musanandilole. Pena pake powotcherera pakuoneka, penti walephera kubisa.

Mwana wanu,
Lughano

Mangochi, 7 Julayi 2024

Mphwanga Lughano,

Salaam. Ndine Ridwan, mkulu wako. Sitinaonanepo, koma tsiku lililonse ndimakhala pa ntchito ya manja ako, ndiye ndati ndikupatse moni ngati munthu. Alamu ako Naima akupereka moni, mimba yafika pachifuwa. Mpunga uja anaubisa, akuti ndi wa tsiku lake, ife tikungomva fungo. Uwathokoze amayi.

Aise, njinga iyi ndi chilombo. Kuponda kamodzi, yalira. Pa siteji anzanga akuitcha Namfedwa chifukwa cha kuda, koma makasitomala akuifuna chifukwa cha kaliyala. Dzulo ndinanyamula mayi wina, dengu la utaka ndi mbuzi, sinadandaule.

Tsiku limene imafika madala anaizungulira, anagwira kaliyala, n'kunena kuti, "Izi ndi zitsulo za pawindo langa." Kenako anawerama, anaona timaulusi tija. Anagwada pamenepo nthawi yaitali, mpaka ine ndinachita manyazi, ndinapita kukamwa madzi ndilibe ludzu. Nditabwerera anati, "Injini sinafe. Ndinakunamiza." Ndinati, "Baba, ndikuona." Zina zonse anandifotokozera a Faizal. Ine ndikanakhala iwe sindikanaitumiza.

Tsopano vuto. Lachisanu m'mawa madala anati andipukutire njinga ine ndikusamba, chinthu chimene sanachitepo chibadwire changa. Nditanyamuka ndinapeza maindiketa sakuphethira. Ndinasuzumira pansi pa thanki: waya wa ulusi wapinki walendewera, ulusi wake waduka bwinobwino. Ndinapita kwa makanika wa pa siteji. Atangoona anagwira m'mimba ndi kuseka: "Izi wapanga ndi telala? Tichotse zonsezi, tiike hanesi ya m'sitolo." Nditawauza madala anaimirira, tebulo la sopo linatsala pang'ono kugwa. "Mawaya amenewo asawakhudze munthu! Ali ndi mwini wake." Ndinati, "Baba, ndi waya mmodzi, ndikhoza kumulowetsa ndekha." Akuti, "Iwe unaphunzira Fizikisi? Ungawotche njinga. Aitanidwe mwini wake."

Ndiye pano ndikukhota ndi dzanja ngati wa njinga yakapalasa, apolisi ndikuwazemba m'tinjira. Chonde, sukulu ikatsekedwa ukwere lole ya a Faizal, akambirana kale ndi madala. Agulanso mphasa yatsopano, akuti ndi ya alendo, koma kuno sikubwera alendo. Ubwere ndi ulusi wapinki.

Mkulu wako,
Ridwan

Iponga, 18 Julayi 2024

Achimwene,

Moni, ndi kwa alamu omwe. Zikomo chifukwa cha kalata. Amama anaseka za mbuzi mpaka anasokoneza mpendero wa siketi ya munthu.

Kalata iyi muwerenge nokha. Mayeso sanathe, ndiye ndibwera ndi ulendo wotsatira wa a Faizal. Musayende nthawi yonseyi opanda maindiketa, angakulandeni njinga alamu ali chonchi. Pa kabokosi kophethiritsa pali mano awiri, limodzi lili ndi waya, lina lilibe. Wapinkiyo mumulowetse pa lopanda wayalo. Palibe chimene chingapse.

Koma muzichita zimenezi mukatalikira nyumba, ndipo pobwerera muzimuzulanso musanafike pa khonde. Ulusi wa amama suduka wokha, achimwene, ndipo ndinamanga mfundo ziwiri. Adada asadziwe kuti ndadziwa amene anaudula.

Ulusi wapinki ndaulongedza kale. Ndikadzafika ndidzagwada pansi pa thanki, ndidzalifufuza vutolo nthawi yaitali, iwo ataima pambali panga.

Mng'ono wanu,
Lughano